Ku Ulaya akusaka mfumukazi ya ku France, kuno tikuiwala dzina la agogo

Pamaliro m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota sipalephera kubuka funso limodzi. Mlendo akatsika minibasi pamsewu wa M5 n'kulowa pasiwa akulira, amayi amene akhala pamikeka amayamba kukodolana ndi kunong'onezana: kodi ameneyu ndi mwana wa yani?

Kawirikawiri pagulupo pamakhala gogo mmodzi amene amayankha mosajejema. Amatchula mayi ake a mlendoyo, mayi wa mayiwo, mudzi umene adachokera, mwamuna amene adawakwatira ndiponso chimene chidawasamutsira ku Dwangwa kapena ku Benga. Posakhalitsa mlendo uja wasanduka mbale, ndipo aliyense wadziwa ngati ayenera kumutchula kuti achimwene, amalume, asuweni kapena alamu.

Zinthu zimavuta tsiku limene gogo wodziwa zonseyo ndiye wagona m'bokosi. Tsiku limenelo anthu amangoyang'anana. Dzina la mayi amene adayambitsa mudzi limapita naye kumanda, ndipo palibe kope lililonse limene lidalisunga.

Pomwe izi zikuchitika kuno kwathu, ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amatha zaka ndi ndalama zambiri akufukula mabuku akale a m'matchalitchi ndi m'makhoti pofuna kutsimikiza kuti ndi zidzukulu za mayi wina amene adamwalira zaka zoposa 800 zapitazo. Dzina lake ndi Eleanor wa ku Aquitaine, chigawo cha kummwera chakumadzulo kwa dziko la France. Nkhani ya mayiyu ndi yakutali, koma ikukhudza banja lililonse la ku Linga, ku Chia ngakhale ku Dwambazi.

Eleanor adali yani?

Eleanor adabadwa cha m'ma 1122. Bambo ake, William X, adali mwini wa Aquitaine, dera lomwe lidali lalikulu kuposa malo amene mfumu ya France inkalamulira payokha. Bambowo atamwalira mu 1137, dera lonselo lidagwa m'manja mwa mtsikana wa zaka pafupifupi 15. Chaka chomwecho adakwatiwa ndi Louis VII, amene adalowa ufumu wa France patangopita masiku ochepa ukwati utachitika.

Banjali lidatha mu 1152, atabereka ana aakazi awiri. Chifukwa chimene akuluakulu a mpingo adapereka pothetsa ukwatiwo n'chakuti awiriwo adali pachibale. Patangotha miyezi iwiri, Eleanor adakwatiwa ndi Henry, yemwe mu 1154 adakhala mfumu ya England. Kumeneku adabereka ana 8, amuna asanu ndi akazi atatu. Awiri mwa anyamatawo, Richard ndi John, adalamulira England motsatizana. Atsikanawo adakwatiwa ndi olamulira a ku Saxony m'dziko la Germany, ku Castile m'dziko la Spain ndi ku Sicily.

Moyo wake sudali wamtendere. Ana ake ataukira bambo wawo mu 1173, iye adaima kumbali ya anawo, ndipo mwamuna wake adamutsekera kwa zaka pafupifupi 16. Adamasulidwa mu 1189 mwamunayo atamwalira. Mu 1200, ali nkhalamba ya zaka zoyandikira 80, adadutsa mapiri a Pyrenees kukatenga mdzukulu wake Blanche kuti akakwatiwe ndi mwana wa mfumu ya France. Adamwalira mu 1204 ndipo adaikidwa ku Fontevraud, m'dziko la France lomwelo.

Kaamba ka maukwati amenewa, magazi ake adalowa m'nyumba zachifumu zambiri za ku Ulaya. Mfumu Charles III ya ku Britain ndi mmodzi mwa zidzukulu zake, kudzera mwa John uja. N'chifukwa chake mzungu wamba akapeza dzina la Eleanor pamndandanda wa makolo ake amasimba lokoma.

Masamu a makolo

Koma kodi kukhala mdzukulu wa Eleanor ndi chinthu chosowa? Tiyeni tiwerenge pamodzi, monga tichitira powerenga milu ya usipa padoko.

Munthu aliyense ali ndi makolo awiri, agogo anayi, ndipo agogowo adabadwa kwa anthu 8. Mukabwerera mibadwo 10 mupeza anthu 1,024. Mibadwo 20 ikupatsani anthu oposa miliyoni imodzi. Kuchokera pamene Eleanor adabadwa kufika lero papita zaka pafupifupi 900, ndipo tikati m'badwo uliwonse ndi zaka 30, ndiye kuti yadutsa mibadwo 30. Pamenepo chiwerengero cha makolo a munthu mmodzi chimapitirira biliyoni imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti panthawi ya Eleanor dziko lonse lapansi lidali ndi anthu osafika theka la biliyoni. Tanthauzo lake n'lakuti makolo omwewo amabwerezedwa kambirimbiri pamndandanda wa munthu mmodzi, chifukwa anthu a dera limodzi akhala akukwatirana pachibale chakutali kuyambira kalekale.

Mu 2013, akatswiri awiri, Peter Ralph ndi Graham Coop, adaunika DNA ya anthu oposa 2,000 a ku Ulaya. DNA ndi zinthu zam'thupi zimene mwana amatengera kwa makolo ake. Akatswiriwa adapeza kuti ngakhale anthu okhala m'maiko otalikirana kwambiri a ku Ulaya ali ndi makolo ofanana amene adakhalako m'zaka 1,000 zapitazi.

Choncho zidzukulu za Eleanor n'zochuluka ngati mchenga wa ku Sungu. Chimene chili chosowa ndi pepala lotsimikiza dzina lililonse kuchokera kwa munthu wa lero mpaka kukafika kwa iye, popanda kudumpha m'badwo ngakhale umodzi.

Pepala limathera panjira

Ku England, lamulo loti matchalitchi azilemba maubatizo, maukwati ndi maliro lidaperekedwa mu 1538. Ku France lamulo lolemba maubatizo lidadza mu 1539. Apa n'kuti Eleanor atatha zaka zoposa 300 ali m'manda. Munthu wamba wa kumeneko akatsata mabuku amenewa amakagunda khoma cha m'zaka za m'ma 1500. Kuti awoloke khomalo, ayenera kupeza kholo limodzi la m'banja lachifumu kapena la eni malo akuluakulu, chifukwa mabanja otere ndiwo ankalembedwa m'makalata a malo, a chuma chamasiye ndi a milandu.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Wina akaona dzina lofanana ndi la kholo lake pa intaneti, amangolilumikiza ku banja lachifumu, ena n'kumakopera bodza lomwelo mpaka lioneke ngati zoona. Akatswiri a ntchitoyi savomereza dzina lililonse popanda umboni wolembedwa nthawi imene munthuyo adali moyo.

Kuno kwathu khomalo lili pafupi kwambiri. Lamulo la atsamunda la 1904 lolembetsa ana obadwa ndi anthu omwalira linkakakamiza azungu ndi amwenye, pomwe Amalawi eni dziko silinkawakakamiza. Lamulo loti mwana aliyense alembetsedwe lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika adachitika mu 2017. Kuonjezera apo, moto umene udatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 udapsereza makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda.

Izi zikutanthauza kuti agogo ambiri amene adabadwira ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1930 kapena 1940 sadalembedwe m'buku lililonse la boma tsiku limene adabadwa. Buku lawo lidali mitu ya anthu.

Bele la mayi

Achewa ali ndi njira yawoyawo yosungira mbiri ya makolo, ndipo nayo imakathera kwa mayi. Mudzi umakhala ndi tsinde, mayi amene adauyambitsa. Ana ake aakazi amabala mabele, lalikulu ndi laling'ono, ndipo munthu amadziwika ndi bele limene adachokera. Mwamuna amayang'anira mbumba yake, kutanthauza alongo ake ndi ana awo. Ngakhale anthu ambiri lero amatenga dzina ndi mfunda wa bambo, ufumu, munda ndi manda m'midzi yambiri zimatsatabe kuchikazi. N'chifukwa chake mfumu ikamwalira, amayi a m'banjamo ndiwo amakhala ndi mawu aakulu posankha wolowa m'malo, ndipo maso amaloza kwa mwana wa mlongo wake wa mfumuyo.

Pamwamba pa mabele onsewa pali dzina limodzi, Nyangu. Mu ufumu wa Maravi, Nyangu adali mayi kapena mlongo wake wa Kalonga, ndipo Kalonga watsopano ankayenera kuchokera m'mimba mwa Nyangu, wa mfunda wa Aphiri. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa Abanda. Mbiri ya pakamwa imati Undi atapatukana ndi Kalonga n'kulowera ku Mano, dera lomwe lero lili ku Mozambique, adatenga Nyangu. Uku kudali kutenga gwero lenileni la ufumu. Mpando wa Kalonga Gawa Undi lero uli ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, komwe Achewa a maiko atatu amakumana pamwambo wa Kulamba m'mwezi wa Ogasiti.

Mbiri imeneyi idayenda pakamwa kwa zaka mazanamazana. M'zaka za m'ma 1940, mphunzitsi Samuel Josia Ntara adaisonkhanitsa kuchokera kwa akuluakulu n'kuilemba m'buku lotchedwa Mbiri ya Achewa. Pambuyo pake katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adakumba ku Mankhamba, likulu lakale la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, ndipo adapeza mikanda yagalasi, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Nthaka idachitira umboni kuti pamalo amene akuluakulu ankatchula padalidi mudzi waukulu wochita malonda ndi maiko akutali.

Masamu aja a makolo amagwiranso ntchito kuno. Ngati mzungu wamba angakhale mdzukulu wa Eleanor, n'zotheka kwambiri kuti msodzi wa ku Chia kapena mayi wogulitsa mpunga pamsika wa pa Boma ali ndi dontho la magazi a Nyangu wina wakale. Koma masamu omwewo akunenanso kuti pamzere wa makolo a munthu aliyense, ngakhale wa m'banja lachifumu, pali anthu amene adali alendo, othawa nkhondo ndi akapolo. Ku Nkhotakota mfundo imeneyi ili ndi chilonda chake.

Chilonda cha ku Linga

Cha m'zaka za m'ma 1840, wamalonda wina wochokera kugombe la nyanja ya mchere, Salim bin Abdallah, adafika ku Nkhotakota m'dera la mfumu Malengachanzi. Iye ndiye adali Jumbe woyamba. Adamanga linga, adakhoma zombo zoyendera mphepo, ndipo adayamba kuwolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita tsidya lakummawa kwa nyanja. Kuchokera kumeneko akapolo ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, ndipo ambiri ankafera panjira.

David Livingstone adafika ku Nkhotakota mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo umene anthu amati adakumanirana ndi Jumbe udasanduka chikumbutso cha tauniyi. Iye adalemba, potengera zimene adamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, kuti akapolo pafupifupi 19,000 ochokera kudera la nyanja yathuyi ankadutsa pachipata cha msonkho cha ku Zanzibar chaka chilichonse.

Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1890 atsamunda adachotsa Jumbe wachinayi, Mwinyi Kheri, n'kumutumiza ku Zanzibar. Nthawi ya a Jumbe idasiya Chisilamu, ulimi wa mpunga ndi mawu a Chiswahili m'kamwa mwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Idasiyanso mabanja osakanikirana: Achewa eni nthaka, Aswahili, Ayao, anthu amene adathawira ku linga poopa nkhondo za Angoni, ndi ena amene adabwera ali omangidwa koma sadawoloke nyanja.

Akazi ambiri ogwidwa adakwatiwa m'midzi momwemo. Kwa mwamuna wa mtundu wotsata kuchikazi, mkazi wotere adali ndi phindu lapadera: ana ake adalibe malume woti adzawatenge, choncho ankakhala a bamboyo ndi mudzi wake. Apa ndi pamene mzere wa mabanja ena umadukira. Mukafunsa za mayi wa agogo a agogo anu, nkhalamba imatsitsa mawu n'kunena kuti amenewo adachita kubwera nawo, kenaka n'kusintha nkhani.

Tikayerekeza ndi mbiri ya azungu amene adafika nthawi yomweyo, kusiyana kwake n'kowawa. Mishoni ya Anglican idatsegulidwa ku Nkhotakota mu 1894. Bishopu Chauncy Maples adamira m'nyanja pa 2 Sepitembala 1895 ndipo adaikidwa ku Nkhotakota, pomwe pali tchalitchi cha All Saints. Tsiku lake lobadwa, sukulu imene adaphunzira ndi makalata amene ankalembera abale ake, zonse zidasungidwa. Anthu zikwizikwi amene adakwezedwa zombo pagombe lomwelo sadasiye ngakhale dzina.

Komabe nthawi imeneyo si yakale monga timaganizira. Gogo wa zaka 80 lero adabadwa cha m'ma 1945. Ali ndi zaka 10 ankatha kuotha moto ndi agogo ake obadwa cha m'ma 1885, amene adali mwana wozindikira pamene Jumbe womaliza ankachotsedwa. Pakati pa inu ndi nthawi ya a Jumbe pali pakamwa pawiri pokha. Pakamwa poyamba padatsekeka kale. Pachiwiri ndi pa gogo amene ali pakhonde panu.

Mafupa adavomereza mayi

Pali nkhani ina ya zidzukulu za Eleanor imene Mchewa aliyense angaimve n'kugwedeza mutu. Mfumu Richard III ya ku England, ya banja lomwelo, idaphedwa pankhondo mu 1485 ndipo manda ake adaiwalika. Mu 2012 akatswiri adafukula mafupa pansi pa malo oimikapo galimoto mumzinda wa Leicester, ndipo adaganiza kuti ndi a mfumuyo.

Pofuna kutsimikiza, adatsata bele la mlongo wake wa Richard, Anne wa ku York: mwana wake wamkazi, mwana wamkazi wa mwanayo, choncho mpaka kufika kwa anthu awiri amoyo. Pali mtundu wina wa DNA umene munthu amatengera kwa mayi yekha, ndipo umayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana osasintha kwenikweni. DNA ya anthu awiriwa idagwirizana ndi ya mafupa aja, ndipo mu 2013 kudalengezedwa kuti mafupawo ndi a Richard III.

Atayesa mzere wa kuchimuna, zinthu sizidagwirizane. Amuna amene mabuku ankati ndi abale a mfumuyo kudzera kwa abambo adapezeka ndi DNA yosiyana. Penapake m'mibadwo imeneyo padabadwa mwana amene bambo wake weniweni sadali yemwe adalembedwa m'buku.

Makolo athu adalibe makina oyezera magazi, koma adaiona kale mfundoyi: za bambo anthu akhoza kukangana, koma mayi amene adabereka mwana azamba adamuona. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Masiku ano kuli makampani a kunja amene amayeza malovu a munthu n'kumuuza madera amene makolo ake adachokera. Kwa ife a kuno, zotsatira zake zimangotchula zigawo zikuluzikulu za Africa. Sizingakuuzeni dzina la tsinde la mudzi wanu, kapena kuti agogo anu adawoloka Bua chaka chiti.

Zimene zili pachiswe

Ena anganene kuti izi ndi nkhani za anthu okhuta. Koma amene adaonapo mpungwepungwe wa ufumu akudziwa kuti mlandu wonse umagona pa funso limodzi: mwa ana aakazi a tsinde, wamkulu adali ndani? Mikangano yotere yakhala ikufika m'makhoti m'maboma ambiri, mabanja n'kugulitsa mbuzi ndi mpunga polipira maloya, pomwe mboni zenizeni zidamwalira kalekale osafunsidwa.

Nkhani ya malo nayo ndi chimodzimodzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti anthu ndi mabanja azilembetsa malo awo. M'mbali mwa nyanja, momwe dambo la mpunga, munda wa mzimbe ndi gombe lomangapo malo ogona alendo zili ndi mtengo, banja limene silitha kufotokoza kuti malowo adalima ndani poyamba, ndipo mfumu iti idawapatsa, limakhala ndi mawu ochepa pabwalo.

Palinso nkhani ya maukwati. Pachichewa asuweni akhoza kukwatirana, koma ana a bele limodzi ndi malaulo. Achinyamata a lero amakumana ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhale ku Johannesburg, kutali ndi ankhoswe. Chibale chimadzadziwika pachinkhoswe, nthawi zina mwana atabadwa kale.

Ndipo pali abale amene adasowa. Amuna ambiri a kuno adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo ena mwa iwo adatchona. Zidzukulu zawo ku Zimbabwe ndi ku South Africa zimangodziwa kuti agogo adachokera ku Kota Kota. Tsiku limene mmodzi wa iwo adzafike pa Boma akufunsa za mudzi wa kholo lake, adzamulandira ndani ngati dzinalo palibe amene akulikumbukira?

Poyambira

Ntchitoyi sifuna ndalama zambiri. Ifuna kope, cholembera, foni yotha kujambula mawu ndi kuleza mtima. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi munthu wamkulu kuposa onse m'banja mwanu, kuchikazi ndi kuchimuna komwe. Musapite ngati wapolisi wofufuza mlandu. Tengani kashuga kapena kansomba, khalani pansi, thandizani kusenda chinangwa, nkhani izibwera yokha. Mafunso ake akhale apafupi: Agogo, kodi amayi anu dzina lawo lenileni adali ndani? Adabadwa angati m'mimba mwawo, ndipo woyamba adali yani? Nanga iwowo amayi awo adachokera kuti? Adaikidwa kumanda ati?

Limbikirani pa dzina lenileni. Amayi ambiri akale timangowadziwa kuti Nabanda, Naphiri kapena amake a uje, chifukwa kutchula dzina la munthu wamkulu kudali kupanda ulemu. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma wafafaniza maina a amayi ambiri. Kumbukiraninso kuti munthu mmodzi ankatha kukhala ndi maina atatu kapena anayi: la paubwana, la kuchinamwali kapena kujando, la paubatizo kapena la kumzikiti, ndi lina limene adalembetsa kuntchito. Lembani onse.

Nkhalamba zambiri sizisunga zaka m'manambala, koma zimakumbukira zochitika. Funsani ngati munthu adabadwa sitima ya Vipya isanamire, zomwe zidachitika mu 1946, kapena pa njala ya 1949. Ilala idayamba kuyenda panyanja mu 1951, chitaganya chidayamba mu 1953, Kamuzu adabwera mu 1958, ufulu udadza mu 1964, ndipo riferendamu idachitika mu 1993. Zochitika zimenezi zikuthandizani kuyerekeza chaka.

Mukatero fufuzani mapepala amene ali m'masutikesi akale: makadi a ubatizo, ziphaso za msonkho, mapasi a ku Wenela, makalata ochokera ku Halale ndi zithunzi. Mipingo yakale inkalemba mabuku a maubatizo ndi maukwati, choncho n'koyenera kukafunsa kwa abusa kapena ansembe. Mashehe ndi akuluakulu a pamzikiti amadziwa mabanja ambiri a ku Linga. Nyakwawa ndi nduna zake amadziwa za malire ndi manda, ndipo musalowe kumanda popanda chilolezo chawo. Amene angakwanitse ulendo akhoza kukafika ku National Archives ku Zomba, komwe kumasungidwa makalata akale a boma ndi a mamishoni.

Musakhutire ndi pakamwa pamodzi. Zimene anena agogo aakazi kazifunseninso kwa amalume awo a amayi anu ngati alipo, kapena kwa nkhalamba ya bele lina. Pomwe akusiyana, lembani mbali zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena, ndi tsiku limene wanena. Musakonze nkhani kuti ikome. Mukangodziphatika ku banja lachifumu popanda umboni, mwachita zomwe zija amachita osaka Eleanor pa intaneti, ndipo zidzukulu zanu zidzakangana chifukwa cha bodza lanu.

Mukafika pamene gogo watsitsa mawu, musamukakamize, komanso musanyoze zimene mwamva. Mayi amene adabwera ali womangidwa, n'kupirira, n'kubereka ana amene adabala inu, ndi kholo loyenera ulemu ngati wina aliyense. Nkhani zotere zisungidwe m'banja mwanzeru, osati kukatukwanira nazo anzanu pamowa kapena pamaliro. Chibale ndi fupa, sichiola.

Pomaliza, koperani zimene mwalemba m'makope awiri kapena atatu, limodzi likhale kumudzi, lina kwa mbale wa m'tauni. Jambulani masamba ake pafoni n'kutumizira abale. Nyumba za m'mbali mwa nyanja zimaona madzi osefukira ndi chiswe, ndipo kope limodzi silichedwa kutha.

Eleanor wa ku Aquitaine akudziwika lero chifukwa panthawi yake padali alembi amene ankalemba za maukwati ake, ana ake ndi malo ake. Amayi amene adayambitsa midzi ya m'mbali mwa Kaombe, Bua ndi Dwangwa adalibe alembi. Maina awo afika mpaka lero chifukwa gogo wina adauza mdzukulu wake, mdzukuluyo n'kusunga. Ngati kwanu gogo wotere alipo, Loweruka lino ndi tsiku labwino lokamuona. Mukapite ndi kope.